Kamba wa ku Mulanje ndi Mano a Khoswe: Mmene Ndimasungira Chakudya M'thumba la Waya

Usiku umenewo tinagona m'kanyumba kena ka alendo pamwamba pa phiri la Mulanje, moto utatsala makala okhaokha, kunja chiperoni chitakuta paliponse. Pakati pa usiku ndinamva kutswatswata kumutu kwanga, kenako kaphokoso kena ngati munthu akupala mphika ndi chikhadabo. Ndikayatsa tochi phokosolo linkaleka, ndikazimitsa n'kuyambanso. Kutopa kunandiposa mphamvu, ndinagona. Kutacha ndinapeza chikwama changa chitabooledwa pansi pa kathumba ka m'mbali, bowo lolowa chala chachikulu, m'mphepete mwake muli nyenyezunyenyezu. Mtedza wokazinga umene ndinasiya m'kathumbako unali utatheratu. Buledi anali atakumbidwa pakati ngati una, ndipo m'jumbo ya ufa munali timanyi takuda tonga njere za mpunga. Tinalipo anayi, masiku awiri akadali kutsogolo, golosale yapafupi ili pansi pa phiri. Ufawo sitinaudyenso. Tinamaliza ulendowo ndi mpunga umene unapulumuka chifukwa unagona m'poto wovindikira.

Mlonda wa panyumbapo, bambo wachikulire amene wakhala paphiripo zaka zambiri, anayang'ana chikwamacho n'kupukusa mutu. "Bambo, kuno kamba sagona pansi." Anandilozera kudenga, kumene tizingwe takale ta alendo ena tinali lendee pamtanda.

Kuyambira nthawi imeneyo ndakwera phirili kambirimbiri, kudzera ku Likhubula pa njira ya Skyline kapena ya Chapaluka, nthawi zina kuchokera ku Fort Lister kulowera ku Sombani, ndipo sindinyamukanso popanda thumba la waya. Ndikufuna ndifotokoze mmene ndimaligwiritsira ntchito, chifukwa ndaonapo anthu ali nalo thumbali m'manja koma chakudya chawo n'kudyedwabe.

Poyamba timudziwe mwini nkhaniyo. Khoswe, mbewa, gologolo ndi bwampini onse ndi amtundu umodzi pa nkhani ya mano: ali ndi mano awiri pamwamba ndi awiri pansi kutsogolo kwa kamwa, ndipo manowo amakula moyo wawo wonse. Akamaluma zinthu zolimba ndi pamene amanoleka. Kutsogolo kwa dzino kuli chikuto cholimba kwambiri chokhala ndi ayironi, n'chifukwa chake mano a khoswe amaoneka achikasu chopita ku olenji, pamene kuseri kwake n'kofewa, kumatha msanga. Choncho dzinolo limakhala lakuthwa ngati tchizulo nthawi zonse. Nsalu ya chikwama, ngakhale ikhale yokwera mtengo chotani, jumbo, katoni, chigubu chopyapyala, zonsezi kwa iye ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Ngakhale aluminiyamu wopyapyala amamuboola. Chinanso n'chakuti mbewa yaing'ono imatha kudzipanikiza pakabowo ka mamilimita 6, kukula kwake ngati pensulo. Mutu ukangolowa, thupi lonse latsatira. Mukasunga zinthu ziwiri izi m'mutu, mano ndi kabowo ka pensulo, zonse zimene ndinene pansipa mudziona nokha chifukwa chake.

M'tinyumba ta paphiri makoswe amakhalamo chifukwa cha ife tomwe. Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Madzeka, Minunu, paliponse pamene anthu amaphika ndi kugona tsiku ndi tsiku, nyenyeswa zimagwa. Miyezi ya Juni ndi Julaye usiku kumazizira mpaka madzi oundana amatha kuoneka pa udzu m'mawa, ndiye kanyama kalikonse kamafuna pofunda pali chakudya. Alonda amasesa ndithu, koma sangatseke mpata uliwonse wa pakati pa matabwa.

Thumba limene ndikunenali si neti ya udzudzu, si thumba la anyezi, si thumba la mauna lochapiramo zovala. Ndikutsindika chifukwa mnzanga wina atamva kuti thumba la mauna, anabwera ndi lija logulitsiramo malalanje. Limenelo khoswe amalidula ngati ulusi. Thumba loyenera ndi loluka ndi waya wa stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri chija cha masipuni. Wayayo amakhala wopyapyala moti thumbalo limapindika ngati nsalu yokhuthala, koma mano akafikapo amangotereka. Matumba otere anatchuka ku America, makamaka ku Grand Canyon m'chigawo cha Arizona, kumene agologolo, mbewa ndi akhwangwala amasautsa kwambiri oyenda pansi ogona m'chigwamo. Mayina odziwika ndi Ratsack ndi Outsak. Kukamwa kwake kumatsekedwa ndi velcro yotakata, ija yomata ya pa nsapato za ana, ndipo pakona pamakhala kabowo kachitsulo kapena kalamba kopisapo chingwe. Kulemera kwake kumayambira cha m'ma magalamu 100 mpaka cha m'ma 300, kutengera kukula. Palinso lina lotchedwa Ursack, limene ndi la nsalu yolimba zedi osati waya, ndipo analipangira makamaka zimbalangondo. Ku Mulanje kulibe zimbalangondo, ndiye ine limenelo sindinalifunepo.

Langa loyamba anandibweretsera mlamu wanga pochokera kunja. Ngati muli ndi m'bale wobwera kuchokera ku America kapena ku Britain, kapena mumatha kuitanitsa katundu pa intaneti, gulani lapakatikati. Laling'ono limadzaza ndi kamba wa munthu mmodzi, ndipo mudzaona kutsogoloku kuti thumba lodzaza thothotho ndi limene limagonja. Kwa anthu awiri oyenda masiku atatu, lalikulu ngati pilo limakwana. Mukakhala gulu, matumba awiri apakatikati amaposa limodzi lalikulu, chifukwa katundu amagawika bwino pakati pa onyamula, komanso limodzi likavuta simutaya zonse.

Koma ambiri a ife sitingadikire wobwera kunja, ndiye lachiwiri ndinapanga konkuno. Ndikhalitsapo pang'ono pamenepa chifukwa ndi pamene pamalakwika.

Chovuta kwambiri ndi kupeza waya woyenera. M'mahadiweya mumapezeka waya wa pazenera wotchinga udzudzu wamitundu ingapo, ndipo m'maso yonse imafanana. Wina ndi pulasitiki kapena ulusi wokutidwa ndi pulasitiki. Ameneyu mukamuyandikiza machesi amasungunuka kapena kupsa chikuto, musiyeni. Wina ndi aluminiyamu, wopepuka, wofewa, mukamukanda ndi msomali mauna ake amasuntha ndipo mukapinda kakona kangapo kamathothoka, ameneyunso musiyeni. Wina ndi chitsulo wamba chokutidwa kuti chichedwe kuchita dzimbiri. Maginito amamugwira mwamphamvu. Ameneyu amatchinga mano ndithu, koma chinyezi cha ku Mulanje chimamudya m'mopindika, ndiye amakhala wa nyengo imodzi kapena ziwiri. Amene mukufuna ndi wa stainless steel: wolemererapo m'manja, wolimba kupinda, wowala mosathwanima kwambiri, ndipo kawirikawiri maginito samugwira kapena amangomugwira pang'ono. Ine ndinapita ndi kamaginito kochokera m'sipika yakufa m'thumba la malaya. Funsaninso kwa amisiri okhoma zidebe ndi opanga sefa zosefera ufa, iwo amadziwa kumene waya wabwino amagulidwa. Mauna ake akhale aang'ono, mamilimita 2 kapena 3 basi. Waya wa khola la nkhuku ndi wamauna aakulu, mbewa imangodutsa.

Ndinadula chidutswa cha masentimita 100 mulitali ndi 40 mulifupi, ndi sizasi yodulira malata, nditavala magolovesi chifukwa nsonga zake zimabaya ngati minga. Ndinachipinda pakati kuti pansi pa thumba pasakhale msoko, popeza pansi ndi pamene kulemera konse kumatsamira. Popindapo musafinye mpaka kupanga mzere wakuthwa. Ikani mpini wa tsache mkati kuti papindike mozungulira, apo ayi wayayo adzathyokera pomwepo. M'mbali zonse ziwiri ndinapinda milomo kawiri, ngati mmene telala amapindira mpendero, n'kufinya ndi pulayazi. Kenako ndinasoka mipenderoyo ndi waya wopyapyala amene ndinasolola pa chidutswa chotsala, kulowetsa ndi kutulutsa motalikirana theka la sentimita. Ntchito imeneyi inanditengera madzulo awiri. Musaisinthanitse ndi ulusi, ngakhale wa nsapato, chifukwa khoswe akalephera pa waya amayenda m'mbali kufunafuna pofewa, ndipo msoko wa ulusi ndi umene amaupeza.

Nditamaliza ndinapita nalo kwa wosoka nsapato pamsika, amene anakuta mipendero yonse ndi lamba wa chikwama chakale. Lambayo ntchito yake ndi kuphimba nsonga zobaya, osati kugwira thumba. Ngakhale atamudya, waya wamkati amakhalabe wotseka. Anasokereranso kalamba kopinda pakona imodzi kopisapo chingwe, n'kukadutsitsa mu waya mwenimwenimo.

Kukamwa ndinayamba ndaika velcro, koma ya pamsika ndi yopyapyala ndipo inadzaza udzu n'kuleka kumata. Panopa ndimapinda kukamwako kawiri n'kupana ndi zopanira mapepala zachitsulo zakuda zija za mu ofesi, zazikulu, zinayi, ziwiri m'makona ndi ziwiri pakati. Makona ndiwo ofunika kwambiri. Mukatseka, tengani pensulo muyese kuilowetsa paliponse m'mphepete. Ikalowa, ndiye kuti simunatseke.

Ndinene chilungamo, thumba lopanga ndekhali ndi lolemera komanso louma kuposa logula lija, ndipo limakanda zinthu zina m'chikwama. Ndimalikulunga m'chitenje chakale poyenda. Koma layenda nane maulendo ambiri ndipo silinabooledwepo.

Tsopano kalongedzedwe. Apa ndi pamene anthu okhala ndi thumba labwino amagwa. Waya amaletsa khoswe kulowa, koma samuletsa kununkhiza, kunyambita kapena kutong'ola chimene chagunda mauna. Ulendo wina mnzanga anapanikiza chigumu ndi nthochi mpaka thumba linatupa ngati mimba. M'mawa wayayo anali bwinobwino, koma jumbo ya chigumu inali itasololedwa tizidutswatizidutswa kudzera m'mauna, ndipo mbali yonse yogunda waya inali itakokotedwa. Choncho lamulo langa ndi ili: chofewa chisagunde waya. Pakati ndimaika buledi, chigumu, zitumbuwa, mabisiketi ndi mtedza. Kuzungulira ndimaika zolimba, monga mabotolo, zitini, mbale ndi zivindikiro za mapoto, zikhale ngati mpanda. Pansi ndimayala mbale yachitsulo. Ndipo ndimasiya malo okwana dzanja lonse pamwamba kuti kukamwa kupindike mosakakamiza.

Ufa, shuga, mchere, mkaka waufa ndi masamba a tiyi sindiziika m'majumbo. Jumbo ikangokhudzana ndi waya poyenda imang'ambika yokha, ufa n'kumasefeka m'mauna ngati uli pa sefa, ndipo ufa wotayikawo ndi umene umaitana makoswe usiku. Ndimathira m'mabotolo apulasitiki otsuka bwino ndi kuumitsa, a kukamwa kwakukulu ngati a chiponde. Mpunga umalowa bwino m'botolo la madzi la malita 2. Mabotolowo paokha khoswe angawaboole, koma akakhala mkati mwa waya sawafikira. Kumbukiraninso kuti thumba la waya silitchinga mvula, mame kapena nyerere. Mabotolo otseka bwino ndi amene amagwira ntchito imeneyo.

Usipa ndi matemba ndi nkhani ina. Fungo lake limadzaza nyumba yonse, ndipo ndikhulupirira kuti limadutsa mpaka kunja. Ndimakazingiratu kunyumba, kuuziziritsa, n'kuuika m'chitini cha mkaka waufa chokhala ndi chivindikiro chothina. Ndimayesetsanso kuti ndiwo zonunkhira kwambiri tidye masiku oyambirira, masiku otsiriza kutsale masoya pisi ndi nyemba. Nanazi wa ku Mulanje, amene n'kovuta kumudutsa osagula pa Chitakale, idyani tsiku lomwelo mwamusenda. Madzi ake akadontha pa waya amamata, ndipo thumba lonse limasanduka chonyambita.

Pali zinthu zina zimene sitiziwerengera ngati chakudya koma makoswe amazidya. Sopo amamudya. Makandulo amawadya. Mankhwala otsukira mano, mafuta odzola, mapiritsi okutidwa ndi shuga, siponji yotsukira mbale, zonsezi zilowe m'thumba. Zinyalalanso chimodzimodzi: mapepala a mabisiketi, chitini cha nsomba chotsegula, makoko a nthochi. Ndimakhala ndi jumbo yokhuthala ya zinyalala imene imagona m'thumba la waya limodzi ndi chakudya, yomanga payokha, ndipo imatsika nane mpaka pansi pa phiri.

Mukatha kudya madzulo, khuthulani chikwama chonse. Pisani dzanja m'kathumba kalikonse, makamaka ta palamba wa m'chiuno m'mene timaponyamo switi ndi mtedza tikuyenda. Gwedezani nyenyeswa panja, kutali ndi khomo. Kenako siyani mazipi onse otsegula. Anthu amadabwa ndikawauza zimenezi, koma ganizani: fungo la chakudya limatsalira m'nsalu, ndipo khoswe adzabwera ndithu kudzafufuza. Akapeza potsegula amalowa, n'kuona kuti mulibe kanthu, n'kutuluka. Akapeza potseka amadziboolera khomo lake. Chikwamacho chipachikeni, pamodzi ndi nsapato ndi chipewa, chifukwa mchere wa thukuta umene umaumira pa malamba nawonso amaufuna. Gaidi wina amene ndimayenda naye kawirikawiri anandionetsa lamba wa chikwama chake wodyedwa theka, mulibe chakudya chilichonse m'chikwamamo.

Kupachika thumba kumandikumbutsa agogo anga aakazi, amene ankamanga chimanga cha mbewu m'mitolo n'kuchipachika kutsindwi pamwamba pa moto, komanso nkhokwe zina zimene miyendo yake amaiveka malata kuti makoswe aziterereka. Nzeru yake ndi yomweyo. Ndimanyamula chingwe chopyapyala cholimba cha mamita 4. Ndimachiponya pamtanda wa denga, osakhoma msomali chifukwa nyumba si yanga ndipo matabwa ena m'tinyumbati ndi a mkungudza, mtengo umene watsala pang'ono kutha paphiripo. Thumba lilendewere theka la mita pansi pa mtanda, litalikirane ndi khoma, shelefu kapena bedi kuposa kutalika kwa mkono wanu, ndipo likwere kuchokera pansi kufika cha pachifuwa kapena kuposa. Khoswe wa m'nyumba amadumpha pafupifupi mita kuchokera pansi, ndipo kuyenda pa chingwe kwa iye ndi ngati kuyenda pa msewu.

Chifukwa cha chingwecho, pamafunika chotchinga. Tengani chivindikiro chachitsulo chotakata, ngati cha chitini chachikulu cha mkaka, kapena chitini chopanda kanthu. Boolani pakati ndi msomali, kabowo kongokwana chingwe. Mangani mfundo pa chingwe, masentimita 30 pamwamba pa thumba, ndipo chivindikirocho chikhale pamwamba pa mfundoyo; ngati ndi chitini, kukamwa kwake kuyang'ane pansi. Khoswe akatsika ndi chingwe amafika pachivindikiro, chimapendekeka, iye n'kugwa. Oyenda pa Appalachian Trail, njira yaitali ya oyenda pansi m'mapiri a ku America, amachita zomwezi m'misasa yawo ndi tizitini ta nsomba. Wina angafunse kuti nanga ngati thumba ndi lawaya, kupachika ndi kutchinga n'kwa chiyaninso? Yankho ndi mkodzo. Khoswe akakhala pa thumba usiku wonse akulimbana nalo, amakodzerapo ndi kunyerapo, ndipo zimenezo zimadutsa m'mauna. Waya ndi mpanda wotsiriza. Chimene ndimafuna n'chakuti asafikepo n'komwe.

Musapachike pafupi ndi moto. Mabotolo amafewa, majarini amasungunuka n'kudontha, ndipo chakudya chonse chimamveka utsi. Musapachikenso pamwamba pa pogona munthu, chifukwa wogwa pachivindikiro uja amagwera pankhope pake.

Ngati mukugona m'tenti, chakudya chisagone nanu. Ndaonapo tenti yatsopano itabooledwa pakona chifukwa cha paketi imodzi ya mabisiketi. Pezani nthambi yotalikirana ndi thunthu, mupachike ngati mmene ndafotokozera, masitepe 20 kapena kuposa kuchokera pa tenti. Pamwamba pa Mulanje malo ambiri ndi udzu ndi miyala yokhayokha, mitengo ili m'zigwa. Kumeneko ndimaika thumba pamwala wosalala, kulivindikira ndi poto wamkulu kapena pulasitiki yokhuthala chifukwa cha mame, n'kumangirira chingwe chake ku mwala wolemera kuti chinyama chokulirapo chisalikoke. Musalipanikize m'mphanga kapena pakati pa miyala poganiza kuti mwalibisa, m'menemo ndi m'mene mbewa zimakhala.

Masana adani amasintha. Tsiku lokwera Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ija ya mamita 3,002, anthu ambiri amanyamuka ku Chisepo m'mamawa n'kusiya katundu wolemera kunyumbako. Thumba lisiyeni lopachika ndi lotseka monga usiku, ndipo muwadziwitse alonda. Chakudya cha masana chokha ndi chimene chimakwera nanu. Mukakhala pansi kupuma, yang'anirani akhwangwala akuluakulu a khosi loyera aja. Mbalame zimenezi ndi zochenjera kwambiri, zimaonerera patali mpaka mutatembenuka, ndipo mlomo wake umang'amba jumbo kamodzi n'kamodzi. Thumba la waya losiyidwa panja zimalijompha, chogunda mauna n'kuphwanyika, ndiye liphimbeni ndi chitenje kapena poto kuti zisaone za mkati. Kumunsi, cha ku Likhubula ndi m'nkhalango za m'njira, kuli apusi ndi anyani. Amenewo saluma waya, amanyamula thumba lonse. Limangirireni ku chinthu nthawi zonse, ndipo musawaponyere chakudya ngakhale ana atakupemphani kuti aone mmene amadyera.

Nanga zikachitika kuti afikapo? Ndimaona anthu akudula mbali yolumidwa ya buledi n'kudya yotsalayo, kapena kupeta ufa kuchotsa timanyi. Ndikumvetsa, chifukwa paphiri chakudya ndi chowerengeka, ndipo kutaya chakudya sitinaleredwe nako. Koma mkodzo wa khoswe umatha kunyamula tizilombo ta leptospirosis, matenda oyamba ndi kutentha thupi ndi kuphwanya m'thupi ngati malungo, amene akakula amawononga impso ndi chiwindi. Ndowe zake zimatha kuyambitsa kutsegula m'mimba koopsa, ndipo kutsegula m'mimba uli pamwamba pa phiri, kutali ndi chipatala, si nkhani yaing'ono. Utitiri wa makoswe ndi umene umafalitsa mliri wa bubonic plague, umene unabukapo ku Nsanje m'chaka cha 2002. Ku Yosemite ku America, m'chaka cha 2012, alendo 10 anadwala matenda a hantavirus ochokera ku mbewa za m'malo ogona, atatu n'kumwalira. Choncho chilichonse cholumidwa, chonyowa mosadziwika bwino kapena chokhala ndi timanyi, musadye. Chimangeni m'jumbo ya zinyalala. Zitini ndi mabotolo otseka tsukani kunja kwake ndi sopo musanatsegule, ndipo mbale ndi makapu zimene zagona poyera muzitsukenso ndi madzi otentha musanadyerepo. Mukapeza timanyi patebulo kapena pashelefu, musasese pouma kuti fumbi lake lingakulowereni m'mphuno. Wazani madzi a sopo kaye, pukutani ndi pepala, kenako sambani m'manja.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha ndi mtima wonse: musakwere ndi mankhwala a makoswe. Ndinamvapo munthu akunena kuti ulendo wotsatira adzabwera ndi tameki kuti athane nawo. Tameki ndi poizoni woopsa amene wapha anthu ambiri m'dziko muno, ndipo m'kanyumba ka paphiri anthu amaphikira pansi, mumdima, ndi tochi, mbale zili mbwee. Akubwera mawa sakudziwa chimene mwasiya pakona. Khoswe wodya poizoni amakafera panja, kadzidzi kapena khwangwala n'kumudya, nayenso n'kufa. Ndipo timitsinje tonse ta pamwambapo timatsikira kwa anthu. Madzi a Likhubula, Thuchila, Lichenya ndi Ruo amamwedwa m'midzi ya m'munsi. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo apa mkhatewo ndi phiri lonse. Ngakhale mutapha khumi usiku umodzi, ena adzabwera malinga ngati nyenyeswa zilipo. Chimene chimawachepetsa ndi kusesa mukatha kudya, kutsuka mapoto usiku womwewo osadikira m'mawa, kutaya madzi otsukira kutali ndi nyumba ndi kutali ndi mtsinje, ndiponso kusasiya chakudya chotsala pashelefu poganiza kuti muthandiza obwera m'mbuyo. Ngati mwatsala ndi shuga kapena mpunga, apatseni alonda m'manja, iwo ali ndi mosungira.

Kwa amene alibiretu thumba la waya ndipo ulendo ndi wa mawa, mapoto amene mwanyamula ndiwo chitetezo chanu. Ikani zofewa zonse m'poto, vindikirani, mangani chivindikirocho ndi mphira ya chubu cha njinga mopingasa kawiri, n'kusanjikapo mwala. Zotsala zilowe m'zitini zachitsulo. Ndowa yapulasitiki yokhala ndi chivindikiro imathandiza usiku umodzi kapena uwiri, koma yang'anani m'mphepete mwa chivindikirocho m'mawa uliwonse, chifukwa ndi pamene amayambira kuluma. Vuto la mapoto n'lakuti madzulo aliwonse muyenera kukhuthula kuti muphike, n'kutsuka, n'kuumitsa, n'kulongedzanso muli wotopa, ndipo tsiku lina mudzanena kuti lero lokha zigone choncho. Thumba la waya linandichotsera mpata wonena mawu amenewo.

Ndikafika kunyumba ndimakhuthula thumbalo panja, n'kulitsuka ndi burashi yakale ya mano m'madzi otentha a sopo, makamaka m'mipendero m'mene ufa ndi mafuta zimabisala. Ndimaliyanika padzuwa tsiku lathunthu. Likauma ndimaliyang'anitsa kudzuwa ndi kuyendetsa maso mzere ndi mzere kufunafuna waya wothothoka, kuyambira pansi popindika paja ndi m'makona a kukamwa. Ndikapeza pamene mauna atakasuka ndimadula kachigamba ka waya yemweyo, kokulirapo masentimita 2 mbali zonse, n'kukasokerera mkati ndi waya. Zopanira zija zikayamba dzimbiri kapena kufooka ndimasintha. Kenako ndimapinda chingwe, kuchiika m'thumbamo limodzi ndi chivindikiro chobowola chija, n'kulipachika pamsomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, kukamwa kuli kotsegula kuti mphepo izipita.